James Frederick Sangala, woumba njerwa amene ali pa K100

Ndalama ya K100 imayenda kwambiri m'manja mwa anthu wamba, kwa amayi ogulitsa tomato ndi mandasi, kwa anyamata a kabaza ndi kwa makondakitala a minibasi, moti sichedwa kuda ndi kuthothoka m'mbali. Nkhope imene ili pa ndalamayi, chiyambire 2012 pamene Reserve Bank of Malawi inatulutsa ndalama zatsopano, ndi ya a James Frederick Sangala. Ambiri timawadziwa a Chilembwe a pa K500 ndi a Kamuzu Banda a pa K1000, koma za a Sangala sizikambidwa kawirikawiri, chonsecho moyo wawo unali pafupi kwambiri ndi wa anthu amene amagwira ndalamayi tsiku ndi tsiku.

A Sangala anabadwa cha m'ma 1900 ku Naisi, kufupi ndi Zomba, ndipo anaphunzira ku mishoni ya Domasi ya mpingo wa Church of Scotland. Anayamba ndi uphunzitsi m'zaka za m'ma 1920, kenaka anagwirako ntchito kwa anthu amalonda, asanalowe ukalaliki m'maofesi a boma ku Blantyre mu 1930. Mu 1942 anakhala womasulira ku High Court. Anzawo ankawatchula kuti Pyagusi, dzina lonena za munthu wakhama amene satopa msanga.

Kuti timvetse chimene bizinesi yawo inkatanthauza, tiyenera kukumbukira mmene malonda analili mu Blantyre wa nthawi ya atsamunda. Masitolo akuluakulu anali a makampani a azungu, monga Mandala ndi Kandodo, pamene timasitolo ta m'misika ndi m'mbali mwa misewu tambiri tinali m'manja mwa amwenye. Munthu wakuda ankaonedwa ngati wogula kapena wantchito basi, ndipo kupeza ngongole yoyambira malonda kunali kovuta koopsa. Wophunzira aliyense njira yake inali ya uphunzitsi, ubusa kapena ukalaliki wa boma, ndipo kalaliki wa boma ankayenera kulankhula mosamala, chifukwa amene ankamulipira ndi yemweyo amene anafunika kudzudzulidwa.

M'nyengo yotereyi ndi mmene a Sangala anadzipereka pa ntchito yosonkhanitsa anthu. Mabungwe a eni dziko analipo kale m'maboma osiyanasiyana, kuyambira ndi North Nyasa Native Association ya 1912, koma lililonse linkadandaula palokha, ndipo boma silinkavutika kuwanyalanyaza. A Sangala, amene anali mtsogoleri m'bungwe la ku Blantyre, anaona kuti mutu umodzi susenza denga. Mu 1943 iwo pamodzi ndi a Levi Zililo Mumba ndi anzawo ena anayamba kulumikiza mabungwewa, ndipo mu October 1944 Nyasaland African Congress inachita msonkhano wake waukulu woyamba ku Blantyre, n'kusankha a Mumba kukhala pulezidenti. A Sangala, amene anathamanga kwambiri kuti bungweli libadwe, boma linawasamutsira ku Dedza, kutali ndi kumene zinthu zinkachitikira. A Mumba anamwalira mu January 1945, ndipo mpando unapita kwa a Charles Matinga.

Kusamutsidwa kotereku kumaonetsa bwino chifukwa chake njerwa zili ndi malo m'mbiri ya a Sangala. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 anapuma ntchito ya boma, n'kumadalira bizinesi youmba njerwa. Aliyense amene anaumbako njerwa amadziwa kuti ntchitoyi ndi yofuna mtima wautali. Dothi limakumbidwa ndi kupondedwa ndi mapazi mpaka litafewa, limaponyedwa m'chikombole, zidina zimayalidwa padzuwa ndi kuphimbidwa ndi udzu kuti zisang'ambike, kenaka zimasanjidwa mu uvuni womatidwa ndi matope, ndipo moto umasonkhezedwa usana ndi usiku. Mvula ikagwa nthawi isanakwane, thukuta la masabata angapo limasungunuka. Komabe njerwa imapangidwa ndi dothi, madzi, nkhuni ndi manja a anthu a pamalopo, ndipo siidikira katundu wochokera kunja kapena chifundo cha mwini sitolo. M'tauni imene inkakula ngati Blantyre, inali bizinesi imene munthu wakuda akanatha kuyendetsa yekha, n'kulembanso anzake ntchito. Ine ndimaona kuti kudziimira kumeneku ndi kumene kunawapatsa a Sangala mpata wotumikira anthu popanda kuopa kalata yowasamutsa.

Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitakhazikitsidwa mu 1953, anthu a kuno asakufuna, Congress inafooka kwambiri chifukwa inaoneka kuti yalephera. A Sangala anatenga upulezidenti mu 1954, bungweli lili losauka ndiponso logawanika, ndipo analisunga kuti lisafe. Utsogoleri wawo sunakondweretse onse. Achinyamata monga a Henry Masauko Chipembere ndi a Kanyama Chiume, amene analowa mu Legislative Council, nyumba ya malamulo ya Nyasaland, mu 1956, ankafuna kuti zinthu zifulumire, makamaka pa nkhani ya a Manoah Chirwa ndi a Clement Kumbikano, a Congress amene ankakhala m'nyumba ya malamulo ya chitaganya ku Salisbury, pamene achinyamatawa ankafuna kuti atulukemo. Kwa achinyamatawa, kufatsa kwa a Sangala kunali kuchedwetsa ufulu, ndipo pena ankanena zoona, poti nthawi inali itasintha. Koma bungwe limene iwo ankafuna kulifulumizitsa linalipo chifukwa cha kufatsa komweko.

Mu January 1957 a Sangala anatula pansi udindo, ndipo a T.D.T. Banda ndi amene analowa m'malo mwawo. Dr. Hastings Kamuzu Banda atabwerera kumudzi pa 6 July 1958, anapeza Congress ili ndi nthambi m'maboma ndiponso dzina lodziwika kumidzi. Boma la atsamunda linaletsa bungweli mu March 1959, ndipo Malawi Congress Party inabadwa m'malo mwake chaka chomwecho. Pa nthawiyo a Sangala anali atachoka kale pa mpando, ndipo m'zaka zotsatira dzina lawo linamveka mochepa, mpaka pamene nkhope yawo inaikidwa pa ndalama ya K100.