Madzi oyenda nawonso amanyamula kolera

Mvula ikayamba, odwala otsegula m'mimba amachuluka kuchipatala, ndipo tikawafunsa kumene anatunga madzi, ambiri amatchula mtsinje. Kenaka amawonjezera mawu amene ife azaumoyo tatopa nawo: "Madzi oyenda alibe matenda, zonyansa zimapita ndi madzi." Abale anga, zimapita kuti? Zimakapeza amene akutunga kumunsi kwanu. Inunso mukutunga kumunsi kwa anthu ena.

Matendawa mukuwadziwa kale. Kolera, tayifodi, kamwazi ndi mitundu ina ya matenda a chiwindi amabwera pamene chimbudzi cha munthu chalowa m'madzi akumwa. Likodzo limayamba mkodzo kapena chimbudzi cha wodwala zikagwera m'madzi momwe muli nkhono, ndipo limalowera pakhungu posamba kapena pochapa. Choopsa pa kolera n'chakuti ambiri amene ali ndi tizilombo take samva kudwala konse, koma amatitulutsa m'chimbudzi kwa masiku angapo, ena mpaka 10.

M'mizinda, madzi onyansa a m'zimbudzi ndi m'mabafa amayenera kudutsa m'mapaipi kupita kumalo oyeretsera asanathiridwe mumtsinje. Kumeneko amayamba asefedwa kuti zinyalala zitsale, kenaka amadikha m'mathanki kuti zolemera zikhale pansi. Otsalawo amalowa m'maiwe kapena m'mathanki opoperamo mpweya, momwe mabakiteriya othandiza amadya zonyansa. Malo ena amamaliza ndi kupha tizilombo ndi kolorini kapena kuwala kwa nyali zapadera kotchedwa UV. Ntchitoyi ndi yofunika kwambiri, koma cholinga chake n'chakuti mtsinje usafe. Madzi otuluka pamenepo sanakonzedwe kuti munthu amwe, ngakhale aoneke mbee. Ndipo mvula ikachuluka, magetsi akathima kapena paipi ikaphulika, zonyansa zimalowa mumtsinje zosayeretsedwa n'komwe.

Ndibwerezenso, chifukwa apa ndi pamene tikutayira anthu. Kuyenda kwa madzi sikupha tizilombo. Kumangotisamutsa. Ku Haiti mu 2010, zonyansa za m'zimbudzi za pamsasa wina wa asilikali zinalowa mu kamtsinje kothira mu mtsinje wa Artibonite. Mtsinjewo unkayenda bwino lomwe, anthu ankamwa monga mwa masiku onse. Mliri umene unayambira pamenepo unapha anthu pafupifupi 10,000. Diso silingaone kolera, mphuno siyingamve fungo lake, ndipo kusefa ndi nsalu sikokwanira.

Madzi alionse a mumtsinje, wiritsani mpaka abwate kwa mphindi imodzi yathunthu, kapena thirani kolorini pa mlingo wolembedwa n'kudikira mphindi 30. Sungani m'chiwiya chovundikira. Chimbudzi chokumba chitalikirane ndi chitsime kapena mtsinje mamita osachepera 30. Matewera a mwana musachapire mumtsinje. Chimbudzi cha khanda chili ndi tizilombo ngati cha wamkulu. Musataye matewera, nsanza, mafuta ophikira kapena mankhwala m'chimbudzi cha madzi, chifukwa zina zimatseka mapaipi, zina zimapha mabakiteriya oyeretsa aja. Mukaona paipi ya zonyansa ikutayikira, kapena galimoto yopopa zimbudzi ikukhuthula m'ngalande, kadziwitseni a khonsolo tsiku lomwelo. Musamati wina wanena kale.

Munthu akayamba kutsegula m'mimba kwa madzimadzi, musadikire kuti kuche. Kolera amatha kupha m'maola ochepa chabe. Mpatseni ORS, mankhwala osungunula m'madzi obwezeretsa madzi m'thupi, nthawi yomweyo. Ngati palibe, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Azimwa pang'onopang'ono muli panjira yopita kuchipatala, ngakhale akusanza, ndipo mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Mukafika, auzeni azaumoyo malo enieni amene munatunga madziwo kuti akachenjeze ena amene akumwa pomwepo.