Mbiri ya dzina loti "Emilio" pa nsalu za Pucci

Munthu akayang'anitsitsa diresi la silika la kampani ya Pucci, amapeza pakati pa mitundu yake yowala kadzina koti "Emilio", kolembedwa ngati siginecha, kopanda dzina la banja. Chiyambi cha zimenezi ndi kumene mwini dzinayo anachokera.

Emilio Pucci anabadwira ku Naples, m'dziko la Italy, pa 20 Novembala 1914, m'banja lina lakale kwambiri la anthu olemekezeka a mumzinda wa Florence, ndipo kwa anthu a gulu limeneli kusoka ndi kugulitsa zovala inali ntchito yochotsa ulemu. Iye sanaphunzirepo utelala. Chimene ankadziwa bwino chinali masewera otsetsereka pa chipale chofewa, ndipo zovala zoyamba zimene anakonza zinali yunifolomu ya timu ya masewerawa pa Reed College ku America, kumene anamaliza maphunziro mu 1937. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anali woyendetsa ndege zankhondo za Italy, ndipo mu 1944 apolisi achinsinsi a Germany otchedwa Gestapo anamugwira n'kumuzunza chifukwa chothandiza Edda Ciano, mwana wamkazi wa Mussolini, wolamulira wankhanza wa Italy, kuthawira ku Switzerland.

Mu 1947 ali ku Zermatt, malo otsetserekera pa chipale chofewa ku Switzerland, wojambula zithunzi wa magazini ya Harper's Bazaar, Toni Frissell, anajambula chovala chamasewera chimene Pucci anakonzera mnzake wina wamkazi, ndipo zithunzi za zovala zake zitatuluka chaka chotsatira, anthu a ku America anayamba kuzifuna. Atatsegula kasitolo pachilumba cha Capri ku Italy, ankagulitsa m'dzina loyamba lokha pofuna kusunga ulemu wa banja, ndipo pambuyo pake dzina lomwelo ankalisaina m'kati mwa zojambula za pansalu kuti katundu wake asiyane ndi wa anthu okopera.

Ndikuona kuti kusaphunzira utelala kumeneku ndiko kunamuthandiza. Pa nthawi imene Christian Dior ku Paris ankaveka amayi madiresi olemera, omanga m'chiuno kwambiri, Pucci ankaganiza ngati munthu wamasewera amene amafuna kuti thupi liziyenda momasuka, motero anakonza mathalauza opepuka, malaya a silika, ndiponso madiresi oluka a silika amene mayi ankatha kuwapinda m'kachikwama n'kukawavala osasita. Mitundu ankaitenga kwawo komweko: nyanja ya ku Capri, zojambula zakale za ku Sicily, ndi mbendera za mpikisano wa akavalo wa Palio wa ku Siena. Anali m'gulu la amene anaonetsa zovala pa chionetsero chimene wamalonda wina, Giovanni Battista Giorgini, anakonza ku Florence pa 12 Febuluwale 1951, chomwe chinatsegulira mafashoni a ku Italy msika wa ku America.

Kenaka Pucci anakonzera yunifolomu ogwira ntchito m'ndege za kampani ya ku America ya Braniff mu 1965, anakhalanso phungu wa Nyumba ya Malamulo ya Italy kuyambira 1963 mpaka 1972. Ntchito yake ankaiyendetsera m'nyumba ya makolo ake, Palazzo Pucci, mpaka pamene anamwalira pa 29 Novembala 1992, ndipo mwana wake wamkazi Laudomia ndiye anapitiriza kampaniyo.