Atchaina a ku Malaysia: voti ya pamimba ndi voti ya pamtima

Mwa nzika 100 zilizonse za dziko la Malaysia, pafupifupi 23 ndi Atchaina, ambiri mwa iwo zidzukulu za anthu amene adabwera kudzakumba migodi ndi kuchita malonda nthawi ya atsamunda Achingelezi. Funso lawo pa chisankho lidayamba dziko lisanalandire ufulu: kodi tikhale m'boma kuti titeteze bizinesi ndi sukulu zathu, kapena tiime kunja n'kumenyera kuti nzika zonse zikhale zofanana?

Chipani cha Atchaina cha MCA, chokhazikitsidwa mu 1949, chidasankha zokhala m'kati. Chidagwirizana ndi UMNO, chipani cha Amalay, ndipo ufulu utabwera mu 1957 Atchaina ochuluka adapatsidwa unzika. Malipiro ake adali ndime 153 ya malamulo a dziko, imene imapatsa Amalay mwayi wapadera pa ntchito za m'boma, thandizo la maphunziro ndi ziphaso za bizinesi. Chipani chotsutsa cha DAP, chimene ochitsatira ambiri ndi Atchaina, cholembetsedwa mu 1966, chidakana zimenezo.

Pa chisankho cha pa 10 May 1969 otsutsa adachita bwino m'mizinda. Patangopita masiku atatu mu Kuala Lumpur, likulu la dzikoli, mudabuka zipolowe. Boma lidati adafa anthu 196, ambiri Atchaina. Kwa zaka makumi ambiri pambuyo pake, ndale zinkakumbutsa anthu za tsikuli chisankho chikayandikira, ndipo mantha amenewo sadali abodza. Mu 1971 idabwera ndondomeko ya zachuma ya NEP, yofuna kuti Amalay ndi mitundu ina ya eni dziko akhale ndi 30 peresenti ya masheya a makampani, ndipo malo m'mayunivesite a boma adayamba kugawidwa potengera mtundu. Apa padabadwa bizinesi zotchedwa Ali Baba: Mmalay ali ndi chiphaso kapena kontrakiti, Mtchaina ali ndi mpamba ndipo ndiye akugwira ntchitoyo.

Chimene anthu akunja samachimvetsa n'chakuti ovota ambiri sankasankha mbali imodzi. M'zigawo zambiri munthu amalandira mapepala awiri tsiku limodzi, la phungu wa nyumba ya malamulo ya dziko ndi la phungu wa chigawo. Nkhani za malo ndi zitukuko zambiri za m'dera zili m'manja mwa boma la chigawo, choncho pepala limenelo linkapita kwa MCA kapena Gerakan (chipani china cha m'boma chodalira mavoti a Atchaina), anthu oti angakuyendetsere chikalata cha malo. Pepala linalo linkapita kwa DAP kuti akalankhule mokweza ku Kuala Lumpur. M'chigawo cha Penang khalidweli lidakhazikika kwa zaka zambiri. Sikunali kusakhazikika maganizo ayi, kunali kuwerengera kwa anthu odziwa kuti ndi ochepa.

Chuma chikamayenda, boma linkawina. Mu 1995, Mahathir Mohamad akulamulira, Barisan Nasional, mgwirizano wolamula wa UMNO, MCA ndi zipani zina, udakolola mavoti a Atchaina. Mu 1999, Amalay ambiri atakwiya ndi kumangidwa kwa Anwar Ibrahim, yemwe adali wachiwiri kwa Mahathir, Atchaina ndiwo adathandiza kupulumutsa boma. DAP idali itagwirizana ndi PAS, chipani chofuna boma la Chisilamu, ndipo nkhanza zimene Atchaina a ku Jakarta, m'dziko la Indonesia, adaona mu 1998 zidali zisanaiwalike. Lim Kit Siang ndi Karpal Singh, akuluakulu a DAP, adataya mipando yawo.

Khalidwe lakale logawa mavotili lidatha pamene MCA idaoneka kuti ilibe mawu pamaso pa UMNO. Satifiketi ya UEC, ya sukulu za sekondale pafupifupi 60 zoyendetsedwa ndi Atchaina eni, boma lidapitiriza kusaivomereza. Katangale adakula mpaka nkhani ya 1MDB, thumba la ndalama za boma limene lidabedwa, ndipo msonkho wa 6 peresenti wa mu 2015 udapweteka eni mashopu. Munthu akaona kuti ziphuphu zikumudyera phindu, voti ya pamimba ndi ya pamtima zimasanduka imodzi. Mipando ya MCA idatsika kuchoka pa 31 mu 2004 kufika pa 15 mu 2008, 7 mu 2013, ndi umodzi wokha mu 2018, pamene DAP idapeza 42.

Koma mavoti amenewa sakoka kwambiri, chifukwa madera a m'mizinda ali ndi ovota ochuluka kuposa a kumidzi pamene lililonse limatumiza phungu mmodzi. Pa chisankho cha 2022 PAS idapeza mipando 43, kuposa chipani china chilichonse, ndipo DAP ndi mipando yake 40 idalowa m'boma la Anwar limodzi ndi UMNO imene idakhala ikulimbana nayo kuyambira 1966. Mawu oti "tipirire, tili m'kati", amene kale anthu ankanyozera nawo MCA, tsopano akumveka kwa atsogoleri a DAP.