Khansa ikalowa m'banja: mafunso okhudza uphungu wa anthu awiri

Uphungu umenewu ndi chani kwenikweni?

Mumakhala pansi nonse awiri ndi mlangizi woti anaphunzira ntchitoyi, nthawi zambiri pafupifupi ola limodzi. Sapereka mankhwala ayi, ntchito yake nkukuthandizani kuti muziyankhulana. Afunseni adokotala kapena anesi omwe akukuonani, akulozerani kopita.

Ine sindikudwala, nde ndipitirenji?

Apa mpomwe ambiri timaphonya. Wodwazika amasenza zambiri, kuperekeza kuchipatala, kugona tulo todukizadukiza, mantha oti mwina atsala yekha, koma mukamufunsa amangoti ndili bwino poopa kumuonjezera mnzake nkhawa, ndipo wodwalayo nayenso amabisa ululu wake pa chifukwa chomwecho, mapeto ake anthu ofunda bulangete limodzi aliyense akulira payekha. Zimandimvetsa chisoni kwambiri zimenezi. Kwa mlangizi mutha kunena kuti mwatopa, olo kuti mwakwiya, palibe amene akuweruzeni.

Nanga za kuchipinda zimakambidwa?

Eya, ndipo musachite manyazi. Kemo, mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa, imatopetsa, imabweretsa nseru, tsitsi limathothoka, chilakolako chimatha. Mayi woti amuchotsa bere amatha kumadziona ngati sakufunikanso, bambo woti apanga opaleshoni ya prostate (kachiwalo ka abambo kokhala pansi pa chikhodzodzo) mphamvu zimatha kuchepa. Mnzako akakhala chete iwe umaganiza kuti sakukufuna, chonsecho akungoopa kukupweteka. Pa nthawi ya kemo madokotala amalangiza kondomu komanso kupewa mimba, ndipo ngati mukufunabe ana funsani adokotala chithandizo cha khansacho chisanayambe.

Kodi ndingatengere khansa kwa mnzanga?

Ayi, khansa siyopatsirana. Chomwe chimapatsirana pogonana ndi kachilombo ka HPV komwe kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, koma pamatha kudutsa zaka 15 mpaka 20 isanaonekere, nde kulozana chala kuti unayenda ndi ndani sikungathandize chilichonse.

Mnzanga akukana kupita, nditani?

Yambani nokha. Osamukakamiza, ena amatsatira akaona kuti inu mtima wayamba kukhala m'malo.

Zomwe tanena sizimveka kunja?

Ndi zachinsinsi, pokhapokha ngati moyo wa munthu uli pachiswe.

Tiyambe liti?

Zotsatira zikangotuluka mutha kuyamba, osadikira kuti mpaka mukangane kaye. Ngati mmodzi wa inu watha masabata 2 ali wokhumudwa, sakudya, sakugona, kapena akuyankhula zodzipha, auzeni achipatala tsiku lomwelo.