Momwe msika umakolezera chilakolako n'kuika mpanda pa chilengedwe

Fakitale ikamatulutsa katundu wambiri kuposa amene anthu akufuna, mwini wake sagona tulo, chifukwa ngongole ya kubanki sidikira. M'dongosolo la chikapitolizimu, momwe phindu liyenera kukula chaka ndi chaka, njira yake si kuzimitsa makina ayi, koma kukolezera chilakolako cha ogula.

Mu 1929, katswiri wotsatsa malonda wa ku America, Edward Bernays, atalembedwa ntchito ndi kampani ya American Tobacco, anakonza zoti atsikana angapo ayatse ndudu poyera pa chionetsero cha Isitala ku New York, atolankhani atawatsina khutu kale. Nthawiyo mkazi wosuta pagulu ankanyozedwa. Nduduzo anazitcha miuni ya ufulu. Taonani pamene anagwira: anatenga ludzu lenileni la amayi lofuna kulemekezedwa n'kulimangirira ku paketi ya fodya. Otsatsa malonda akuchitabe zomwezi, kungoti lero foni imawauza zomwe munayang'ana usiku. Njira ina ndi kufupikitsa moyo wa katundu. Mu 1924 ku Geneva, makampani opanga mababu a magetsi, kuphatikizapo Osram ndi Philips, anapangana kuti babu lisamapitirire maola 1,000.

Chilakolako chikakula, zipangizo zimachokera m'nthaka, m'madzi ndi m'nkhalango. Koma mtsinje sunapangidwe ndi munthu, ndiye ungagulitsidwe bwanji? Pamafunika mpanda, chikalata cha umwini ndi sikelo. Ku England, nyumba ya malamulo inatchinga malo amene anthu wamba ankadyetsako ziweto limodzi, ndipo ambiri anathera m'mafakitale. Ku Chile, lamulo la 1981 linalekanitsa madzi ndi nthaka, moti ufulu wotunga mumtsinje unayamba kugulitsidwa pawokha. Ku Cochabamba, m'dziko la Bolivia, anthu anakana zimenezi mu 2000 mabilu a madzi atakwera, mpaka boma linathetsa mgwirizano ndi kampani yomwe inapatsidwa madziwo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi sikelo. Chiyambire pangano la Kyoto la 1997, limene mayiko anachita pofuna kuchepetsa mpweya wotenthetsa dziko, nkhalango imatha kuwerengedwa ngati matani a mpweya woipa umene imayamwa, n'kugulitsidwa kwa wowononga mpweya wa kutsidya lina la dziko. Pa sikelo imeneyo, mizere ya bulugamu ingalemere chimodzimodzi ndi nkhalango yachilengedwe yokhala ndi njuchi, mbalame, akasupe ndi anthu amene amaidalira, ndipo pena anthuwo amaletsedwa kulowamo kuti mataniwo asachepe.