Magazi kutuluka bwino sikutanthauza kuti mtsikanayo alibe dipuleshoni

Atsikana, amayi achichepere komanso inu makolo, pali nkhani ikuyenda m'mafonimu yoti dipuleshoni, matenda a kukhumudwa kwambiri kwa nthawi yaitali, imaoneka m'magazi, akuti ukangoyezetsa homoni yotchedwa cortisol basi wadziwa. Ena afika mpaka pogula mankhwala pa intaneti oti amatsitsa cortisol. Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi, mtsikana sakugona, sakudya, akungolira, apita naye kuchipatala amuyeza magazi zotsatira zatuluka bwinobwino, ndiye kunyumba ayamba kumuuza kuti "waona, ulibe kanthu iwe, ndi ulesi chabe." Ayi chonde. Mpaka pano palibe kuyeza magazi, malovu kapena mkodzo komwe kumatsimikiza kuti munthu ali ndi dipuleshoni kapena alibe.

Inde thupi limasintha, zimenezo ndi zoona. Munthu akapanikizika maganizo ubongo umatumiza uthenga ku tiziwalo ting'onoting'ono tili pamwamba pa impso, timeneti timatulutsa homoni ya cortisol, shuga m'magazi amakwera, mtima ndikumathamanga. Zikapitirira kwa miyezi tulo timasokonekera, ena msambo umadumphadumpha olo kusiya kumene. Ofufuza amayezanso puloteni yotchedwa CRP yomwe imapangidwa ndi chiwindi thupi likamalimbana ndi kutupa, amayang'ana kagundidwe ka mtima, ena amameta tsitsi poti limakula pafupifupi sentimita 1 pamwezi ndiye limasunga mbiri ya cortisol ya miyezi yapitayo. Ku Stanford University ku America anapeza kuti atsikana a zaka 10 mpaka 14 omwe amayi awo anadwalapo dipuleshoni mobwerezabwereza amatulutsa cortisol yambiri akapanikizika, asanayambe ndi kudwala komwe.

Koma taonani, zimenezi zimaoneka akamafanizira magulu a anthu ambirimbiri, osati pa munthu mmodzi. Cortisol imakhala pamwamba m'mawa, patatha mphindi 30 mpaka 45 munthu atadzuka, pofika pakati pa usiku imakhala yatsika kwambiri, ndiye munthu yemweyo mukamuyeza m'mawa ndi madzulo manambala sangafanane. Mimba imaikweza. Mapilitsi olera okhala ndi homoni ya estrogen amaikwezanso m'magazi munthu ali bwinobwino. Kungoopa jakisoni kokhako imakwera! CRP nayo imakwera ndi matenda ena ambiri olowa m'thupi, ngakhalenso kunenepa kwambiri. Ndipo alipo ambiri odwala dipuleshoni kwambiri koma manambala onsewa ali m'malo mwake. Ndiye pepala la kulabu lisakunamizeni.

Nanga adokotala amayezeranji magazi? Amafuna aone ngati pali kuchepa kwa magazi, vuto la chithokomiro, shuga kapena mimba, poti zimenezi nazo zimafooketsa munthu mofanana. Zikapezeka kuti palibe, ntchito sinathe ayi, m'pamene tsopano pakufunika kukhala pansi ndikucheza naye. Dipuleshoni timaidziwa pofunsa, pali mafunso 9 otchedwa PHQ-9 omwe amafunsa za masabata 2 apitawa, kukhumudwa pafupifupi tsiku lililonse, kusasangalalanso ndi zomwe ankakonda, kusowa tulo kapena kugona kwambiri, kusintha kadyedwe, kutopa, kudziona wachabechabe, kulephera kuika maganizo pa sukulu kapena ntchito, ndi maganizo ofuna kufa. Atsikana ambiri sabwera n'kunena kuti ndakhumudwa, amati mutu, m'mimba, msana, mtima ukuthamanga. Ululuwo ndi weniweni, sakunamizira.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati dipuleshoni imapezeka kwambiri mwa amayi kuposa abambo ndi pafupifupi 50 peresenti, ndipo kusiyanaku kumayambira pa nthawi yotha msinkhu. Amayi oposa 10 pa 100 aliwonse oyembekezera kapena ongobereka kumene amadwala matendawa. Mahomoni ali ndi gawo lake koma tisamangonamizira mahomoni, nkhanza, kugwiriridwa, umphawi ndi kusowa womuuza mavuto zimathandizira kwambiri. Ndipo kudzipha ndi chimodzi mwa zinthu zomwe zikupha kwambiri achinyamata a zaka 15 mpaka 29 padziko lonse, n'chifukwa chake kuzengereza kumeneku kukundiwawa.

Ngati zizindikirozi zapitirira masabata 2 bwererani naye kuchipatala olo magazi anatuluka bwino dzulo lomweli, ndipo mukanene zonse, osangoti mutu. Chithandizo chilipo, uphungu umathandiza ndipo ena amapatsidwa mankhwala monga fluoxetine, omwe amatenga masabata angapo kuti ayambe kugwira ntchito ndiye osasiya panjira musanauze adokotala, komanso masabata oyambawo muzikhala naye pafupi.

Akanena kuti "bola ndingofa" olo moseka, akayamba kugawa zinthu zake, kutsanzika anthu kapena kudzicheka, zimenezo sizodikira masabata 2 ayi. Mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha, kufunsa sikumupatsa maganizowo. Musamusiye yekha, chotsani mankhwala, poizoni ndi zingwe pomwe angafikire, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale usiku.