Thalauza lobedwa limene linasintha polisi ya ku London

Boma la Britain linalonjeza mu 2024 kuti pofika 2029 lidzakhala litawonjezera anthu 13,000 ogwira ntchito yaupolisi m'madera momwe anthu amakhala. Lonjezoli ladzutsanso mkangano wakalekale: kodi wapolisi aziyendayenda mumsewu kuti umbanda usachitike, kapena azifufuza utachitika kale?

Robert Peel, yemwe anali nduna ya za m'dziko ku Britain, atakhazikitsa polisi ya London mu 1829, malangizo oyamba ananena mosabisa kuti ntchito yaikulu ndi kupewa umbanda. Mfundo zisanu ndi zinayi za ntchito yaupolisi zomwe ambiri amati ndi za Peel musazikhulupirire msanga, poti akatswiri a mbiri anapeza kuti zinasonkhanitsidwa m'zaka za m'ma 1900. Koma malangizo a 1829 aja alipo ndithu. Apolisi ankavala yunifolomu yabuluu kuti azidziwika kuti ndi apolisi, chifukwa Angerezi ankadana ndi akazitape ngati a ku France. Mu 1833, Sajeni William Popay atadziwika kuti ankazonda gulu landale atavala zovala wamba, ntchito inamuthera.

Zinthu zinatembenuka mu Epulo 1842. Wapolisi wina anapita ku Roehampton, kufupi ndi London, kukafunsa Daniel Good, woyendetsa ngolo ya akavalo, za thalauza lomwe linabedwa m'sitolo. Posecha m'khola la akavalo, anapeza thupi la mayi, Jane Jones, lopanda mutu, manja ndi miyendo. Good anamutsekera wapolisiyo momwemo n'kuliyatsa liwiro. Kwa masiku pafupifupi khumi apolisi ankangofika pomwe iye wachokapo kale, uku nyuzipepala zikuwanyoza. Good anakagwidwa ku Tonbridge, tauni ya kum'mwera chakum'mawa kwa London, atazindikiridwa ndi munthu amene kale anali wapolisi, ndipo ananyongedwa mu Meyi.

Mu Ogasiti chaka chomwecho nthambi ya ofufuza milandu inatsegulidwa ndi anthu asanu ndi atatu okha. Olemba mbiri ena amati mlandu wa Good ndiwo unachititsa. Ena amawonjezera kuti chaka chomwecho panali anthu ofuna kuwombera Mfumukazi Victoria. Chomwe chinalemera kwambiri pa ziwirizi n'chovuta kuchigamula lero.

Ine ndimawamvetsa apolisi oyenda mumsewu aja. Wofufuza akagwira chigawenga amatamandidwa, pomwe kuba kumene kwalephereka chifukwa wapolisi anadutsa pakhomo sikulembedwa m'buku lililonse. Ndipo mantha a anthu pa apolisi ovala zovala wamba sanali opanda pake: mu 1877 ofufuza akuluakulu atatu anamangidwa polandira ziphuphu kwa akathyali a juga ya mipikisano ya akavalo. Nthambiyo inakonzedwanso mu 1878 pansi pa Howard Vincent, n'kutchedwa Criminal Investigation Department (CID).